Bondo Langa ndi Basi ya m'Magalasi

9 Febuluwale

Mwana wanga Make mapasa,

Moni wanga ndi ameneyu, umulandire ndi manja awiri. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, iwe, amuna ako ndi timapasa tangato? Ine kuno ndili bwino, kudya ndikudya, tulo ndikugona. Akundilembera kalatayi ndi Atelala, mayi amene tikukhala mpanda umodzi, khomo lawo loyang'anana ndi langa. Ndawauza kuti alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakometse, chifukwa ukawerenga mawu okoma kwambiri udziwa kuti si amako.

Nkhani ndi yoti andisintha malo. Kampani yathu yokolopa ija yandichotsa ku sitolo ya nsapato, yandipititsa ku maofesi a anthu opanga mabasi. Ndinkati ndikaona zitsulo, matayala, anthu othimbirira ndi girisi. Mwanawe, ngakhale tayala limodzi kulibe! Kuli matebulo, makompyuta, ndi anthu otchena ongokhala duu ngati akudikira dokotala. Ndinafunsa mlonda kuti kodi mabasiwo amawabisa kuti. Akuti, "Agogo, ali m'makompyutamo." Ndati zikomo, bola fumbi lake ndi lochepa.

Chipinda chimodzi ndiye chandiseketsa. N'chachikulu, mulibe kanthu, pansi anangomata mizere ya tepi. Mumakhala bambo wina wa mutu wonyezimira, ine ndimangoti a Dazi. Amavala chimagalasi chakuda chophimba nkhope theka, n'kumayenda okhaokha, kuwerama, kugwira m'malere, kulambalala zinthu zosaoneka. Tsiku loyamba ndikukolopa anangokuwa, "Agogo, mwaponda dalaivala!" Ndinabwerera chambuyo ndi mopu yanga, n'kupepesa kwa munthu woti palibe.

Kapitawo wathu kuno timamutcha a Wotchi, chifukwa akamayankhula nawe diso lili pamkono. Okalamba sawafuna. Mnzanga wina wodwala chifuwa anamuuza kuti akapume kaye kunyumba, mpaka lero akupumabe. Ndiye ine ndikamadutsa pamaso pawo ndimayenda ngati mtsikana woti chibwenzi chikumuonera patali.

Za ndodo ya malemu bambo ako imene ukuti unditumizire, ayi. Isiye kuseri kwa chitseko komweko. Kuno munthu wa ndodo ntchito sapatsidwa. Bondoli limangong'ung'udza m'mawa mokha, dzuwa likakwera limakhala chete. Ine kuno ndichoka kanyumba kanga kakumudziko katafoleredwa, osati kali pamtetete mmene kaliliko. Ndakalamba mokwanira, sindingabwere kudzapanikiza inu m'chipinda cha ana.

Kangachepe ndatumizako, uphatikize pa za malata. Amisiri uwauze zenera la kuchipinda kwanga liyang'ane kumsewu, ndizidzaona odutsa.

Ndine amako.

20 Malichi

Make mapasa mwana wanga,

Ndakupatsa moni, upatsirenso onse a pakhomopo, ngakhale amene sandifunsa. Kalata yako Atelala anandiwerengera kawiri, chifukwa atafika poti mmodzi wa mapasa waguluka dzino n'kumanamizira mnzake, ndinaseka osamva zotsatira. Ine ndili gwa.

Wafunsa kuti basi imakhala bwanji m'kompyuta. Khala pansi ndikuuze, poti pano ndine wodziwa. Kuli mayi wina wochepa thupi, msinkhu wako, ine ndinamutcha Kangaude. Pakompyuta pake palibe chithunzi cha basi. Pali timabokosi tambirimbiri tolumikizana ndi ulusi, ukonde weniweni. Tsiku lina ndikupukuta tebulo lake ndinati, "Mayi, anzanu akujambula mabasi, inu mukuluka chiyani?" Anaseka, n'kundikhazika pampando wake wozungulira uja.

Akuti kabokosi kalikonse ndi lonjezo. Aka kakuti basi inyamule anthu akutiakuti. Aka kakuti iyende tsiku lonse moto osatha, poti ndi ya mabatire, simwa mafuta. Aka kakuti nkhalamba ikwere yokha popanda woikankha kumbuyo. Ndiye ulusi umachoka pa lonjezo kupita pa chinthu chimene chisunge lonjezolo: chitseko, sitepe, tayala, mpando. Kale akuti aliyense ankagwira zake. Olemba malonjezo kwawo, ojambula zitsulo kwawo, a Dazi ndi magalasi awo kwawonso. Wina akasintha chitseko anzake ankamva mochedwa, nthawi zina ku fakitale atadula kale zitsulo. Ntchito ya Kangaude ndi kumanga zonsezi pa ulusi umodzi. Wojambula akangosuntha chitseko, a Dazi amachiona chasuntha m'magalasi mwawo pompo, ndipo lonjezo limene laphwanyika limafiira psuu. Likasungika limabiriwira.

Nditawafotokozera Atelala anati, "Aa, zimenezo ndi zathu zomwe. Ukakuza khosi la diresi phewa limadandaula, mkono nawo umathawa." Akuti ndinene kuti iwo anamva msanga kuposa ine. Lembani mayi, cholembera ndi chanu.

Ndiye a Dazi anandiveka chimagalasi chija. Mayo ine! Ndinangopezeka ndili m'basi yatsopano, mipando yabuluu, dzuwa likulowa pazenera, kunja nyumba zikudutsa. Munali bambo wina wa chipewa, ndinamupatsa moni, osayankha, ndati anthu a m'tauni ndi choncho. Nditaona mpando wopanda munthu ndinatembenuka kuti ndikhale. A Dazi akanapanda kundigwira m'khwapa, bwenzi pano ukuwerenga kalata ya mtundu wina.

"Agogo, mpandowo palibe!"

Ndati, "Nanga mwauikiranji?"

Mutu umadziwa kuti ndi bodza, mwana wanga, koma thupi limakhulupirira.

Zinthu kuno zakwera, sopo yemwe akuchita kumudula pawiri. Wilibala yanga asabwereke mlamu wako, amabweza ilibe tayala. Nkhuku yachikasu ija ikayamba kuikira usaigulitse.

Amako.

28 Epulo

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira nonse muli moyo, mapasa akudya, amuna ako chimfine chinawasiya. Ine ndilipo. Koma imva izi, usaganize kuti wobereka awiriawiri ndiwe wekha. Nanenso pano tilipo awiri.

Kangaude ndi a Dazi anabwera kwa ine ndikutsuka makapu. Akuti anthu amene ali m'basi ya m'magalasi anabwera ndi makina omwewo, onse ataliatali, amphamvu ngati osewera mpira. Iwo akufuna nkhalamba yeniyeni, yaifupi, kuti aiyeze kayendedwe n'kuilowetsa m'kompyuta, iziyesa sitepe ya basi. Ndati, "Ndiye mwaona kuti nkhalambayo ndine?" A Dazi akuti, "Ayi agogo, tangoona kuti ndinu aafupi." Bambo ameneyu lilime lake ndi la shuga.

Anakapempha kwa a Wotchi, ine ndinadinda chala. Anandimata timipira toyera ngati mazira a nkhunda, m'mapewa, m'zigongono, m'chiuno, m'mawondo, mpaka m'akakolo. Makamera ali zungulire. Anandipatsa thumba la kumsika, n'kundiikira mabokosi atatu, lalifupi, lapakati, ndi lina lalitali loti mbuzi yomwe iyambe yaganiza.

Kangaude anandigwira dzanja. "Agogo, muziyenda mmene mumayendera masiku onse. Pakapweteka munene."

Ndinali pafupi kunena. Koma nditacheuka ndinaona a Wotchi ataima pachitseko chagalasi, mikono atapinda, diso limodzi pa ine, lina pamkono. Ndiye amako umawadziwa. Ndinaluma mano. Bokosi loyamba, phazi limodzi. Lachiwiri, phazi limodzi. Lachitatu lija, ndinaitana Mulungu chamumtima n'kukwera osagwira ndi chitsulo chomwe, thumba lili m'manja, kumaso ndikumwetulira. A Dazi anaomba m'manja. "Agogo, kodi kale munali wa mpikisano wothamanga?" Ndati, "Ndinkathamangitsa malemu amuna anga kuchokera kumowa." Mpaka a Wotchi anaseka, mano ndinawaona koyamba.

M'mawa mwake anandionetsa pa chikanema cha pakhoma. Kanthu kotuwa, kopanda nkhope, koma mbuyo ndi yanga ndithu, sindingaikane. Akukatcha Kagogo. Kamafika pachitseko cha basi ndi thumba lake, n'kukwera ngati kampheta. Ndinanyadira, ndisaname.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinangofuna kugonako pang'ono. Atelala anandiwiritsira madzi n'kumanditho... ayi mayi, zimenezo musalembe. Mwalemba kale? Chabwino, zisiyeni. Si kanthu, mwana wanga, ndi kutopa kwa munthu wotchuka.

Ukanene kwa amisiri kuti khonde asalikweze kwambiri. Sitepe ikhale imodzi, yaifupi. Usafunse chifukwa.

Ndine amako, wamkulu wa mapasa a kuno.

6 Juni

Make mapasa,

Moni kwa iwe ndi onse. Ndamva kuti mitengo ya denga yakwera pamwamba, ndavina nditakhala pansi. Kuno kwazizira, mafupa akudziwa, koma ndili bwino.

Kagogo ndiye akugwira ntchito kuposa ine. Ndikamalowa m'mawa ndimamupeza akukwera ndi kutsika, ndikamaweruka akadali pomwepo. Tiyi samwa, malipiro safunsa. Ndimamupatsa moni ndikamadutsa ndi ndowa, mwina tsiku lina adzayankha.

Sabata yatha kunali chisangalalo. Kabokosi ka nkhalamba kaja kabiriwira. Kangaude anandifotokozera chifukwa chake aliyense akuseka. Mabatire a basi amagona pansi pa pamene anthu amaponda. Ndi aakulu, ndiye pansipo pamakwera, sitepe nayo imakwera. Kukanakhala kuti nkhalamba yalephera, akanatsitsa sitepe, mabatire n'kusowa pogona, ndiye ulusi wonse ukanagwedezeka, ntchito ya miyezi n'kuyambiranso. Koma poti Kagogo akukwera ngati kampheta, zonse zikhala mmene zilili. Anagula keke. Chidutswa chachikulu Kangaude anapatsa ine, akuti, "Agogo, mwatipulumutsa." Keke inali yokoma, koma inatsika movutikira. Kaya inali youma.

Lachisanu ndikubwerera kunyumba, pasiteji panali mayi wina wamkulu kundiposa, ndi thumba la kabichi. Basi yathu yakale ija itaima, anaponya kaye thumba m'kati, n'kugwira chitsulo ndi manja onse, n'kutembenuka cham'mbali, n'kumakoka mwendo. Kondakitala ali, "Changu amayi, sitigona pano!" Ine ndinawakankha kumbuyo. Atakwera anatembenuka n'kundikoka ine, poti nanenso ndimakwera chimodzimodzi. Tinakhala mpando umodzi tikuseka ngati ana. Anandifunsa kumene ndimagwira ntchito. Ndati ndimangokolopa m'maofesi. Za Kagogo sindinatchule.

Atelala nditawauza anaimitsa makina. Akuti, "Inu, mabasi amenewo akadzatuluka, adzakwera ndi mayi wa kabichiyo. Bwanji osakawauza anthuwo?" Ndati, "Kuwauza chiyani? Malata sanakwane." Akuti, "Ine ndangofunsa." N'kupitiriza kusoka, koma makinawo ankalira mokwiya.

Nsalu ziwiri ndaika m'katundu wa bambo wa lole yobwera kumudziko, ina yako, ina usokere mapasa malaya ofanana, azisokoneza aphunzitsi.

Amako.

19 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Tili moyo kuno, kaya inu.

Kalatayi ikhala yaifupi, Atelala ali ndi madiresi a ukwati. Kukubwera alendo, anthu ofuna kugula mabasiwo. Kalipentala wamanga sitepe yamatabwa m'chipinda cha a Dazi, ndi chitsulo chogwirira, pamalo penipeni pamene m'magalasi pamaoneka chitseko. Msinkhu wake anatenga m'kompyuta. Akuti alendo akabwera ndidzavale magalasi n'kukwera pamaso pawo, aone kuti nkhalamba ya m'kompyuta ndi nkhalamba yamoyo zikugwirizana.

Sitepeyo ndaiyeza ndi mtengo wa mopu pamene munalibe anthu. Ndi bokosi lachitatu lija.

A Wotchi andipatsa yunifolomu yatsopano, akuti ndisachititse manyazi kampani. Ndagula mankhwala opaka, onunkha ngati garaja. Ndinakwera kamodzi, ndikweranso.

Malata otsalawo uyambe wadikira, usapite kaye kusitolo. Undipempherere, koma osatchula dzina langa mokweza kutchalitchi, anthu angayambe kufunsa.

Ndine amako.

3 Ogasiti

Make mapasa mwana wanga,

Ndikupatsa moni ndili pakhonde la Atelala masana ano, tsiku la ntchito. Thupi lili bwino, usadzidzimuke. Koma zachitika. Ndikuuza zonse, useke kaye, kudandaula udandaule pambuyo.

Alendo anabwera, masuti okhaokha, fungo la mafuta onunkhira chipinda chonse. Anakhala pamipando kuyang'ana chikanema cha pakhoma. Mbali ina panali Kagogo, mbali ina ukonde wa Kangaude uli biriwiri. Anandimatanso timipira tija kuti pakhomapo tioneke awiri, ine ndi Kagogo, tikukwera limodzi. Kangaude anali atamanganso ulusi wina, woti mmene ndikwerere ine zipite pompo ku kabokosi ka nkhalamba, alendo aone ndi maso awo kuti zonse ndi zolumikizana. A Wotchi anaima pamalo pawo paja.

Ine mumtima ndinali nditakonza. Luma mano, phazi limodzi, mwetulira.

Koma a Dazi, pofuna kusangalatsa alendo, anali atawonjezera zinthu osandiuza. Atandiveka magalasi sindinapezeke m'basi ngati kale. Ndinapezeka pasiteji. Kamvula kakuwaza, anthu ali pamzere, magalimoto akulira m'makutu, thumba lolemera lili m'manja. Basi n'kutulukira pakona, hutala pii, chitseko psii. Anthu a kutsogolo kwanga analowa, a kumbuyo ndikuwamva akuyandikira.

Mwanawe, ndinaiwala alendo. Ndinaiwala a Wotchi, ndinaiwala malata. Chimene ndinkadziwa n'choti basi indisiya pamvula. Ndinaponya thumba m'kati. Ndinagwira chitsulo ndi manja onse. Ndinatembenuka cham'mbali n'kuyamba kukoka mwendo. Bondo linati ayi. Ndinakokanso, linati ndanena kale. Ndiye ndinakuwa ndi mawu anga onse aja a kumsika:

"Kondakitala, dikira! Tandikoka mwana wanga, bondoli linafa kalekale!"

Zii.

Ndinakhala pansi pasitepe pomwepo. A Dazi anandivula magalasi pang'onopang'ono. Mvula kulibe, basi kulibe, kuli masuti okhaokha akundiyang'ana. Pakhoma paja Kagogo anali atakhala kale pampando wa pazenera, thumba pamiyendo, pamene mnzake ali khale pakhomo ngati wopemphetsa. Kenaka kabokosi ka nkhalamba kanafiira. Kufiirako kunayenda ndi ulusi, ine ndikuona: sitepe, pansi pa basi, mabatire, chitseko, mpaka timabokosi tina takutali toti sindikudziwa ntchito yake. Ngati moto wa kutchire, koma wopanda utsi.

Mlendo wina wa imvi anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Uyu ndiye akukwera ngati mayi anga! Winayo sindikumudziwa." Ena anaseka nawo. A Dazi anatuluka thukuta mutu wonse. Kangaude yekha sanaseke. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana ukonde wake. Kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa bondo. Mwana uja anandipatsa keke.

M'khonde a Wotchi sanachulutse mawu. "Amayi, mukapume kaye kunyumba. Tidzakuitanani." Yunifolomu anatenga, akuti ndi ya kampani.

Ndiye ndikupuma. Atelala andipatsa ntchito yosomola ulusi pa madiresi olakwika, akuti ndili ndi luso lophwasula zimene anzanga aluka. Mwaseka nokha mayi, ine sindinaseke. Chabwino, ndaseka pang'ono.

Amisiri uwauze aphimbe mitengo ya denga ndi pepala lapulasitiki. Amuna ako usawauze kaye zonse.

Ndine amako ndithu.

14 Seputembala

Mwana wanga, Make mapasa,

Moni wa lero ndi wonenepa, ugawire mudzi wonse, ngakhale mlamu wako wa wilibala. Kalata yako yondiuza kuti ndingobwerako ndinailandira, ndinalira nayo pang'ono. Koma usayale kaye mphasa m'chipinda cha ana.

Loweruka lina masana ndili pakhonde ndikusomola, ndinangomva ana a mumpanda akukuwa kuti kwabwera galimoto yakanika kulowa m'kanjira kathu. Kusuzumira, ndi Kangaude, kumbuyo a Dazi atavala chipewa, mwina kuopa kuthobwa anthu m'maso. Atelala anathamanga kukabwereka mipando.

Kangaude sanazungulire. "Agogo, ndinakukwiyirani kwambiri. Ndinakupemphani kuti pakapweteka munene."

Ndati, "Munanena, mayi. Koma pachitseko panali a Wotchi."

Anayang'ana nsapato zake. Kenaka akuti, "Ine ndinkayang'ana timipira, pachitseko sindinayang'ane. Komanso nkhalamba imodzi si nkhalamba zonse." Ine ndati, "Pepani chifukwa cha keke." Apo ndiye anaseka, misozi ili m'maso, ine chimodzimodzi. A Dazi akuti, "Bola zafiira m'kompyuta. Chitsulo ngakhale chimodzi sichinadulidwe. Zikanafiira pamsewu bwenzi tonse tikusomola madiresi." Atelala akuti, "Malo alipo."

Akuti kuchokera tsiku lija ku ofesi sikunagonedwe. Sitepe aitsitsa. Mabatire ena awasamutsira kumbuyo, ena padenga. Denga nalo linafiira, akuti lalemedwa, analilimbitsa. Atalilimbitsa matayala anadandaula. Mipando ingapo yachoka, bambo wowerengera mipando sakuyankhulitsana ndi wa mabatire. Koma ulusi uja ndi umene ukuwauza kumene kwatsala, ndiye akuzimitsa kabokosi kamodzikamodzi. Ndipo mlendo wa imvi uja ananena kuti sagula basi yoyesedwa ndi nkhalamba imodzi, akufuna zambiri, zenizeni, zokhala ndi zilema zake.

Ndiye andilemba ntchito, osati a kampani yokolopa, koma opanga mabasiwo. Mpaka basiyo idzathe kujambulidwa. Si ntchito ya muyaya, koma denga la kanyumba kanga likwana. M'mawa ndimapanga tiyi nditakhala pampando. Masiku ena ndimavala timipira ndi magalasi. Ndiponso ndine wofuna nkhalamba. Ndabweretsa mnzanga wa chifuwa uja, ndinamupeza akupumabe. Mayi wa kabichi ndinamudikirira pasiteji mpaka ndinamugwira. Pali bambo wina wosaona bwino, ndi mayi wonenepa woti a Dazi timipira tinawathera. Tikakumana m'chipinda muja phokoso lake ngati kuchigayo. Aliyense akudandaula za nthenda yake, ndipo pali munthu wophunzira amene akulemba! Mwanawe, moyo wanga wonse ndabisa ukalamba kuti ndidye. Lero ndikudya chifukwa cha ukalamba.

Kagogo anamuyezanso. Pano amatsimphina, amaponya kaye thumba, amakwera cham'mbali. Koma amakwera yekha, ndipo kabokosi kake kabiriwiranso. Wakale wothamanga uja ndinafunsa kuti amutani. A Dazi akuti amusunga. Ndati mupatseni a Wotchi, ameneyo ndiye wantchito amene akhala akumufuna.

A Wotchiwo ndinakumana nawo m'khonde dzana. Ndinadutsa pamaso pawo pang'onopang'ono, ndikukoka mwendo wanga mwaulemu wonse. Ndati, "Mwaswera bwanji akapitawo? Yang'anani nthawi, ndikadali m'njira."

Tsopano mvera bwino. Malata otsala kagule, amisiri abwerere. Ndipo pa ukonde wa Kangaude pabadwa kabokosi katsopano, koti munthu wa ndodo akwere bwino, ndodoyo ipezenso poima iye akakhala pansi. Anafuna kundigulira yachitsulo ya kuchipatala. Ndati ayi, ndili nayo yanga, ikungodikira kuseri kwa chitseko.

Uitenge ndodo ya bambo ako, uikulunge m'nsalu, umupatse bambo wa lole. Umuuze asaiike pansi pa matumba. Bambo ako ankadana ndi mabasi, ankati amapangira anthu a miyendo ya dokowe, n'kumayenda wapansi ulendo woti anzawo akwera. Ndodo yawo aimata timipira, ikwera basi imene sinamangidwe n'komwe, ndipo akaimanga aimangira iyoyo.

Usaipake polishi. Pamene panadyeka ndi dzanja lawo upasiye mmene palili, ndi pamene ndizigwira.

Ndine amako, wotsimphina poyera.